Khoma la Kumpoto

Meyi wafika pa chilumba cha Askøy, chipale chasungunuka,
ndipo nyumba yanga yatuluka m'chisanu
ngati mwana wodzuka osasukusula.
Mchere wa m'nyanja, mwaye wa m'chumuni,
zitosi za mbalame zakudoko,
zonse zasaina pa matabwa anga oyera.

Ntchitoyi inali ya Eilif.
Zaka makumi atatu ndi zinayi ine ndinkangogwira makwerero
n'kumaloza: wasiya apo, ndi apo.
Lero ndawatsamiritsa ndekha,
miyendo yake ndaipondereza m'dothi ndi chidendene.

Ndavindikira maluwa ndi pulasitiki,
ndatseka mazenera, sopo ndasungunula m'ndowa ya madzi ofunda.
Ankati, pokwecha yambira pansi kukwera m'mwamba,
thovu likayenderera pa thabwa louma
limasiya mizere ya misozi yosafufutika.
Potsukuluza ndiye uyambire kudenga.
Ndinkayesa sindikumvetsera.
Taonani, manja anga anamva.

Halvard wa kuseri kwa mpanda wabwera ndi makina ake,
kampope kolavula madzi ngati mfuti.
Akuti, Gunnvor, ola limodzi lokha, kenako tikamwe khofi.
Ndamuthokoza, ndamubweza.
Makinawo amakankhira madzi kuseri kwa matabwa
kumene mphepo siifika,
nyumba n'kumawolera m'kati
kunja ikumwetulira.
Ndaonapo anthu otero.

Kummwera sikunavute.
Utoto wa uko wangofumbutuka ndi dzuwa,
ukasisita, chikhatho chimayera ngati cha mphunzitsi.
Koma khoma la kumpoto, mayo!
Ndere yamanga mudzi m'mphako iliyonse,
timadontho takuda tayala ngati nthomba,
misomali yalira dzimbiri mpaka kumaziko.
Ndakwecha thabwa limodzilimodzi, motsata utali wake,
burashi ikuti shwe, shwe,
madzi obiriwira akutsikira m'mkono wa juzi
mpaka m'khwapa.
Ndatukwana mawu amene anzanga akwaya
sangakhulupirire kuti ndimawadziwa.

Pansi pa zenera la kukhitchini
utoto wasupuka, kachigamba konga chikhadabo.
Kuseri kwa woyera kuli wachikasu,
wa chaka chimene Torunn anabadwa;
tinapaka ndili woyembekezera, fungo likundidzutsa nseru.
Kuseri kwa wachikasu kuli wofiira wa apongozi anga,
amene anapita kumanda asanandikhululukire
chifukwa chousintha.
Ndadinapo ndi chala. Chala chamira.
Thabwa ili linafa kale, langotchena.

Ndipo pakona pake, kamtanda ka pensulo,
kakang'ono, kopendekera kumanzere.
Ndikadziwa bwino. Ndi mmene Eilif ankalembera
chaka chamawa.
Analemba pa chitseko cha shedi, pa boti, pa mpando wogwedera.
Kameneka sindinakaonepo.
Ndakhala pa ndowa yovundikira, burashi pamwendo,
thovu likuphulika pang'onopang'ono m'udzu.
Kenako ndakwecha mozungulira,
monga umasambitsira mwana wa chilonda.

Foni yalira m'thumba. Torunn, ku Trondheim.
Amayi, musandiuze kuti mwakwera makwerero.
Ayi mwanawe, ndili pansi.
Si bodza. Ndili pansi.
Ayambanso za kugulitsa, za tizipinda tam'tauni
tokhala ndi chikepe, topanda khoma lotsuka.
Ndamuuza kuti madzi akuzizira.

Pamwamba penipeni, m'munsi mwa denga,
anamzeze amata chisa chawo chamatope
ndipo adetsa matabwa atatu.
Ndafika pomwepo, paipi ili m'manja,
kamutu kakuda kandisuzumira.
Chabwino. Atatuwo ndi anu mpaka Ogasiti.

Nthawi yakwana naini koloko, dzuwa likukanabe kulowa.
Ndaima pamsewu, mapewa akuyaka moto,
zala zakwinyika ngati zipatso zouma.
Nyumba ikudontha mbali zonse,
yoyera, kupatula pa mbalame,
kupatula pa kamtanda.
Mawa ndiimbira kalipentala wa ku Kleppestø
adzayeze thabwa lija.
Kapena mkuja.
Pensulo ili m'dilowa momwe anaisiya.